Nkhope ya Felesiya

1. Mlendo wa kalumo kakuthwa

Makompyuta atafika pa sekondale yoyendera ya ku Mitundu m'chaka cha 2003, anthu anachita ngati pabwalo la sukulu patera ndege. Anali anayi okha, akalekale ndithu, otumizidwa ndi bungwe lina lakunja. Koma ahedi anawagulira nsalu zowafunditsa, nalamula kuti aliyense wolowa m'chipindamo azivula nsapato. Ana osauka ndiwo anapindula, poti ankalowa msanga anzawo akulimbana ndi zingwe.

Kompyuta imodzi yokha ndiyo inali ndi intaneti. Inkadzera pa waya wa telefoni ya mu ofesi, ndipo isanalumikizike inkayamba yalira ngati mwanapiye wopondedwa. Ahedi ankalola zimenezi Lachisanu masana basi, iwo akatha kuimba mafoni awo.

Mwini kalabu ya makompyuta anali aphunzitsi a Kenneth Chikuse, mnyamata wa ku Diamphwe, wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankakonda kulankhula, ndipo tisawanamizire, ankatha.

"Ana inu," anatero tsiku lina, "akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendo wathu ndi ameneyu. Kale kudziwa zinthu kunali kwa anthu owerengeka. Lero ndi matipate, pali ufulu, ndipo nzeru za dziko lonse zili pa chala chanu. Eni makinawa akubwera kudzationa. Aliyense afufuze pa intaneti kanthu kokhudza chikhalidwe cha kwawo. Amene adzafotokoze bwino adzapita ku Lilongwe kukaphunzira kompyuta tchuthi chonse."

M'kalabumo munali Pempho, mtsikana wa Fomu 3, mwana wa a Isake, mlangizi wa zaumoyo amenenso anali mkulu wa mpingo. Mayi ake a Pempho, a Felesiya, anamwalira iye adakali wa kumsana. Chithunzi chawo panalibe ndi chimodzi chomwe. Pa ukwati wojambula analipo, anthu anamwetulira mpaka masaya kuwawa, koma pambuyo pake mkuluyo anadzanena kuti filimu inapsa. Choncho Pempho anakula akudziwa mayi ake m'mawu okha: kuti anali a kwa Kachiza, pafupi ndi Nathenje, ndi kuti anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, kamene anakapeza atagwera pa mtondo ali mwana.

Nthawi yake yokhala pa kompyuta itakwana, Pempho analemba ndi chala chimodzi dzina limene linali pamtima pake: Nathenje.

Zinatuluka zinthu zochepa. Chimodzi chinali tsamba la yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja, lokhala ndi zithunzi zimene mayi wina dzina lake Carol anajambula m'midzi kalekale. Pempho anadina chimodzi.

Masiku amenewo chithunzi sichinkangoti mbee nthawi imodzi. Chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ngati munthu akufunyulula mphasa. Kunayamba kuoneka masamba a mtengo. Kenako mutu wometedwa wa mtsikana. Kenako chipumi. Kenako kachipsera pamwamba pa diso lamanzere.

Pempho anasendera pafupi ndi galasi. Pa chithunzipo panatuluka maso, mphuno, pakamwa. Mtsikanayo anali atagwada pansi pa mtengo, thupi lonse lili madonthomadontho oyera, amayi akuluakulu atamuzinga. Patsogolo pake panali tinthu toumba ndi dothi, tondandalikidwa pansi. M'munsi mwa chithunzicho munalembedwa kuti: Felesiya, namwali wa kwa Kachiza, 1984.

"Aphunzitsi," anatero Pempho, "awa ndi amayi anga."

A Chikuse anaomba m'manja mpaka fumbi la choko kutuluka. "Mwaona? Mwaona zimene ndimanena zija? Intaneti yamubwezera mwana mayi wake!" Nthawi yomweyo anamusindikizira chithunzicho pa pepala. Pempho analigwira ndi manja awiri, ndipo kunena zoona, sanakondwepo chotero chibadwire.

2. Pa msika wa Nathenje

Abambo ake anali ku Nkhoma ku maphunziro a mwezi wathunthu. Ngakhale akanakhalapo, za kwa Kachiza sankazikonda, ankati kumeneko n'kwa anthu a miyambo. Choncho Loweruka m'mawa Pempho anakwera matola mpaka pa mphambano ya Bunda, n'kukwera minibasi ya ku Dedza. Ankapita kwa mayi ake aakulu, a Rozina, mkulu wawo wa malemu a Felesiya.

A Rozina ankagulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu pa Nathenje. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, woti kondakitala akagunda dengu lawo ankapepesa asanatembenuke. Kumudzi anali namkungwi, amene amalangiza atsikana akatha msinkhu.

Pempho anawaona ali patali, nathamanga osayamba wapereka moni.

"Amayi! Amayi! Taonani chimene ndapeza!"

Anatambasula pepala lija pamwamba pa mulu wa tomato, poyera penipeni. Bambo wina amene ankagula kabichi anasuzumira. Mnyamata woitanira minibasi anasuzumiranso, chinangwa chili kukamwa.

A Rozina anangoyang'ana kamodzi. Nkhope yawo inasintha. Anatola lichero n'kuvindikira pepalalo, mpaka tomato wina kuphwanyika.

"Inu abambo, kabichi wanu uyo, pitani! Iwe, minibasi yako ili apa?" Amunawo anabalalika. Amayi ogulitsa pafupi, amene anaona pang'ono, anagwira pakamwa.

"Mwana iwe, wapenga kodi?" anatero a Rozina chapansipansi.

Pempho ankayembekeza nthungululu. Sankadziwa chimene walakwa, poti sanavinidwe chinamwali cha kumudzi. Atatha msinkhu, abambo ake anamupititsa ku chilangizo cha mpingo.

A Rozina anasiyira mnzawo malonda, nakulunga pepalalo m'chitenje, n'kumukokera Pempho kuseri kwa chigayo, pansi pa mtengo wa mango. Atayang'ana uku ndi uku, anafunyulula. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nasisita kachipsera kaja ndi chala chonunkhira tomato.

"Felesiya mng'ono wanga," anatero. Misozi inagwa, ndipo sanaipukute.

3. Mawu a namkungwi

"Khala pansi, Pempho, ndikuuze. Safunsa anadya phula, ndipo iwe lero waluma ndithu.

"Apa mayi ako ali kumtengo. Kumtengo ndi kumene timapita ndi namwali, akazi okhaokha, kukamuphunzitsa za moyo wa munthu wamkazi. Tinthu tadothi ukutionati si zidole. Kalikonse kali ndi nyimbo yake ndi phunziro lake. Mwamuna saona. Mwana wosavinidwa saona. Tikatha timatiphwanya n'kutikwirira, kuti ngakhale wolisha mbuzi asatipeze. Ndiye iwe wabwera kudzatiyala pa tomato wanga, pamaso pa oitanira minibasi!

"Inu ana a sukulu mumayesa chobisika chilichonse n'chonyansa, kapena n'chaufiti. Ayi. Chimanga cha mbewu timachipachika m'nyumba, pa utsi, pamene nkhuku sizifika. Kodi n'chifukwa choti n'choipa? N'chifukwa choti ndicho munda wa chaka chamawa. Chikakhala pabwalo aliyense atolako, wina akazinga, wina apatsa nkhunda, ndipo mvula ikagwa mulibe chodzala. Mwambo nawonso ndi wotero. Ukauika poyera susanduka wa anthu onse, umangosanduka wopanda mwini.

"Bambo ako anakupititsa ku chilangizo cha mpingo, ine sindinatsutse. Koma tandiuza, zimene amayi a mvano anakuuza m'chipinda muja, abusa amazilalikira pa guwa Lamulungu? Nanga bwanji? N'zonyansa? Si zonyansa, koma zili ndi malo ake."

Pempho anaweramitsa mutu. "Nanga anajambula bwanji, amayi, ngati n'zoletsedwa?"

"Eya, funso ndi limenelo. Mzungu ameneyo, Karo, anabwera ndi akuluakulu a chipani, atanyamula kalata ya boma. Iwe wakulira m'nthawi yoti munthu amatukwana nduna pa wailesi n'kukagona kunyumba kwake. Nthawi imeneyo munthu wobwera ndi kalata ya boma sunkamufunsa kuti ufuna chiyani. Amuna tinawaletsa, pamenepo pokha tinalimba mtima. Koma iye anati, ine ndine mkazi mnzanu. Sanali munthu woipa, ankadya nafe therere, ankayesa kusinja mpaka matuza. Anati zithunzizo n'zongomukumbutsa iye polemba. Ine ndinali phungu wa mayi ako, womugwira dzanja pa mwambo wonse. Kamera italira, anandifinya dzanja. Tsiku limenelo Felesiya sanadye. Sanafune, mwana wanga, koma analibe pakamwa pokanira."

Chigayo chinazima. Panamveka oitanira okha kumsewu, akukuwa za ku Dedza.

"Tsono makina anuwo," anafunsa a Rozina, "amaona ndani?"

"Aliyense, amayi. Dziko lonse."

"Ngakhale amuna?"

"Ngakhale amuna."

"Ngakhale apongozi a munthu?"

Pempho anangogwedeza mutu. A Rozina anaomba m'manja kamodzi, n'kuyang'ana kumbali.

"Koma amayi," anatero Pempho, misozi ili m'maso, "ine ndilibe china. Anzanga onse amadziwa nkhope za amayi awo. Ine ndayamba kuidziwa dzulo."

"Ndikudziwa. Ukuyesa ine sindikufuna kumuona? Ndiye sindikulanda. Ndikakulanda, ukatulutsa lina m'makina mwanumo, ndipo udzandida kufikira imfa. Tenga pepala lako. Koma mawu anga ndi awa, uwasunge. Maso a anthu achilendo sadziwa kuti uyu ndi mayi wa munthu. Iwe ukuona mayi ako, iwo adzaona choseketsa. Tsiku limene udzamve akuseka, udzandikumbukira. Mawu a akulu akoma akagonera."

Anamupatsa tomato wophwanyika uja kuti akaphikire ndiwo, n'kumukweza minibasi.

4. Nkhanga

Sabata imeneyo Pempho anayenda ndi pepalalo m'kope la sayansi. Pa nthawi yopuma ankapita kuseri kwa kalasi n'kulitsegula pang'ono, dzanja litaphimba tinthu tadothi tija, kuti aone nkhope yokha. Anapeza kuti mphuno yake ndi ya mayi ake. Zinamukondweretsa kwambiri, poti mphuno imeneyo anali akuida kuyambira kale.

A Chikuse anali atakonza kale zonse. Chithunzicho achikulitsa ku Lilongwe, achipachika pakhomo penipeni, ndipo Pempho adzaima pambali n'kufotokozera alendo. "Ulendo uja ndi wako, Pempho," anamuuza. "Palibe angakupose." Pempho anayang'ana kumbali, ndipo aphunzitsiwo anayesa ndi manyazi chabe.

Lachisanu anachedwa kufika ku kalabu chifukwa inali nthawi yake yosesa m'kalasi. Akuvula nsapato pakhomo, anamva kuseka.

Anyamata anali ataunjikana pa kompyuta ija. Pampando panali Calvin, mwana wa mwini golosale, amene ankatha kulemba ndi zala ziwiri ndipo ankadziona ngati injiniya. Anali atatsegula tsamba lija.

"Taonani nkhanga iyi!" anatero Calvin. "Madontho onsewa, ikangoti iuluke!"

"Nanga tizidoleto n'ta chiyani? Amasewera ana aakuluakulu chonchi?"

"Za kumudzi izi, amwene. Ndiye azungu amationa ngati anthu?"

Gulu lonse linafa nacho chiseko. Ena mwa iwo sankadziwa kuti ndi mayi a Pempho. Calvin ankadziwa, koma pofuna kusangalatsa anzake anaiwala.

Pempho sanathamange, sanakuwe. Anadutsa pakati pawo, naima kutsogolo kwa kompyuta, msana wake utaphimba galasi lonse.

"Amenewo ndi amayi anga," anatero. "Anamwalira. Amene akufuna kusekanso aseke ine, ndili pano."

Calvin anayang'ana zala za kumapazi kwake.

A Chikuse, amene anali kukonza waya kuseri, anadzuka. "Anyamata inu mulibe mwambo! Pepani, Pempho. Koma usade nkhawa, alendo aja ndi anthu ophunzira, sadzaseka."

"Aphunzitsi, chithunzichi sichipachikidwa. Ndipo ndikufuna mundithandize kulembera mayi amene anachijambulayo, achichotse pa intaneti. Keyala yake ili pansi pa tsambali."

"Achichotse? Pempho, ukudziwa chimene ukunena? Ichi ndi chuma cha mtundu wathu. Anthu ali ndi ufulu wodziwa chikhalidwe chawo. Komanso chakhala pamenepo nthawi yaitali, ambiri anachiona kale. Madzi akatayika saoleka."

"Saoleka, aphunzitsi, koma mpopi umatsekeka."

"Ganiza bwino. Akachichotsa, utsala ndi kapepala kamene kafufutike mvula isanagwe. Ndipo ulendo wa ku Lilongwe uutaya."

Apa Pempho anaweramitsa mutu, poti ulendowo ankaufuna ndi mtima wonse. Kenako anakweza maso.

"Aphunzitsi, mundikhululukire, ndifunse. Tonse timadziwa kuti ng'oma za gule zikalira kwanu ku Diamphwe, Lolemba mumabwera mawu atasasa. Mukanapeza pa kompyutapa zimene amuna mumachita kudambwe, mukanazikulitsa n'kuzipachika pakhomo?"

Funso linali lolemera, poti dambwe ndi malo obisika a amuna a gule wamkulu, ndipo wolowako salankhula za kumeneko ngakhale kwa mkazi wake. Anyamata awiri amene analowa gule anayang'anana, kuseka konse kutawathera. A Chikuse anamasula tayi pang'ono.

"Calvin, dzuka pampandopo," anatero pomaliza. "Anyamata nonse, panja. Pempho, khala pansi, lemba. Ine ndingokonza Chingerezi."

Pempho analemba ndi chala chake chimodzi chija. Anati: "Ine ndine Pempho, mwana wa Felesiya wa kwa Kachiza. Amayi anga anamwalira ndili khanda. Chifukwa cha inu ndaona nkhope yawo, ndipo ndikuthokoza. Koma malo amene munawajambulawo si a maso a anthu onse. Nthawi imeneyo iwo sakanatha kukana. Ine ndingathe. Chonde chotsani chithunzicho."

Aphunzitsi anawerenga kawiri, osapeza choti akonze kupatula liwu limodzi. Pempho anadina yekha batani lotumizira.

5. Tsiku la alendo

Alendo anafika pa galimoto yoyera, azungu awiri ndi bwana wa ku ofesi ya maphunziro. Ahedi anavala suti ya pa ukwati. Ana anaimba, ena analakatula, ndipo nsalu zofunditsa makompyuta zinachapidwa.

Calvin anaonetsa zithunzi za phiri la Mulanje, kumene sanapondeko chibadwire, nafotokoza m'Chingerezi chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Alendo anaomba m'manja.

Itafika nthawi ya Pempho, malo ake pakhoma anali opanda kanthu. Ahedi anayang'ana a Chikuse ndi diso loti tidzaonana. Pempho anaima chilili.

"Alendo athu," anatero, "ine ndinapeza pa intaneti chinthu cha mtengo wapatali kuposa onse. Ndinapeza amayi anga. Koma sindikuonetsani, chifukwa anajambulidwa pa malo amene mwambo wathu sulola. Ife Achewa tili ndi za pabwalo ndi za kumtengo. Za kumtengo zili ndi eni ake. Za pabwalo n'za aliyense, ndipo zimenezo ndakubweretserani zamoyo. Tiyeni panja."

Kunja kunamveka ng'oma. Pempho anali atatumiza uthenga ku Nathenje kudzera mwa kondakitala wina, ndipo a Rozina anabwera ndi amayi a kwa Kachiza odzaza matola, onse atavala zitenje zofanana. Anapanga bwalo n'kuyamba chimtali.

Inu, kunali kuvina kumeneko! Fumbi linakwera mpaka pa mbendera. Amayi ogulitsa zitumbuwa pa geti anasiya mabeseni n'kulowa m'bwalo. Atsikana a Fomu 4, amene amayenda ngati sadziwa Chichewa, anamanga majuzi m'chiuno. A Rozina anamukokera Pempho pakati, ndipo mwana wa mkulu wa mpingo uja anatyola chiuno mpaka nthungululu kumveka ku msika.

Mzungu wina anatulutsa kamera, koma anayamba wayang'ana Pempho. "Tingajambule?"

"Izi jambulani," anatero Pempho. "Muziikenso pa intaneti, mulembe kuti ndi amayi a kwa Kachiza, ndipo avomera okha."

Ulendo wa ku Lilongwe unapita kwa Calvin. Bwana wa maphunziro anati lamulo linali loti mwana aonetse chimene wapeza pa kompyuta, ndipo lamulo ndi lamulo. Pempho zinamupweteka, tisabise. Koma anaomba nawo m'manja, mutu uli m'mwamba.

Anthu akubalalika, iye anawatengera a Rozina kuseri kwa kalasi. Anatulutsa pepala lija, atalikulunga mu kansalu, nagwada n'kulipereka ndi manja awiri.

"Amayi, ili ndi lanu. Ndalemba kuti achotse. Ndinamva akuseka, monga munanenera."

A Rozina analandira. Anamasula mfundo ya pa mpango wawo, natulutsa kalumo kamene ankadulira ulusi. Anatsamiritsa pepalalo pa bondo, nayamba kucheka mosamala, lilime lili panja. Anazungulira mutu, chipumi, kachipsera, chibwano. Chimene chinatuluka chinali kachidutswa kozungulira, kakang'ono ngati chitsekero cha botolo.

Anakaika m'dzanja la Pempho n'kulifumbatitsa.

"Iyi ndi nkhope ya mayi ako. Ndi yako, palibe mwambo umene ungakulande. Zotsalazi n'zathu, tikazikwirira kumene timakwirira zinzake." Anapinda chotsalacho n'kuchilowetsa pachifuwa. "Ukanandiumiriza tsiku lija, sindikanakudulira. Wabweza wekha. Felesiya anabala munthu."

Pempho analira, ndipo a Rozina anamusiya alire. Kenako anati, "Basi, pukuta. Mphuno ngati ya mayi ako yomweyo, ikalira imatupa."

6. Yankho

Lachisanu lotsatira kompyuta inalira kulira kwake kuja, ndipo Pempho anatsegula tsamba la yunivesite. Zithunzi za misika ndi za nkhokwe zinalipo. Pamene panali mayi ake panali poyera, ndi mawu ochepa akuti chithunzichi chachotsedwa popemphedwa ndi abale. Zinzake zonse za kumtengo zinali zitachotsedwanso.

Mtima unamuwawa, koma unalinso wodzaza. Mtsikana wa Fomu 3 wa ku Mitundu, wolemba ndi chala chimodzi, anali atatseka chitseko kutsidya kwa nyanja.

"Pempho," anatero a Chikuse, "pali imelo yako."

Inali yochokera kwa Carol, yolembedwa m'Chichewa chopunduka koma chomveka.

"Mwana wanga Pempho, pepani kwambiri. Ndinalakwa, ndipo palibe anandiuza mpaka iwe. Ndachotsa zonse. Koma ndili ndi chinthu china chimene si cha kumtengo. Ndinabweranso ku Malawi patapita zaka, ndipo ndinamupeza Felesiya ali pa banja. Ndinajambula mawu ake pa kaseti, akusinja pabwalo, akuimba. Anandipempha yekha. Pa kasetiyo pali mwana akulira kumsana, ndipo Felesiya akumutonthoza. Kodi mwanayo ndiwe?"

Pempho anagwira thumba la malaya, mmene munali kankhope kaja. Anawerenga mzere womaliza.

"Ndikufuna ndikupatse ndi manja anga. Koma uyambe wafunsa bambo ako. Tsiku limenelo a Isake anandithamangitsa, ndipo anati ndisadzapondenso pakhomo pawo. Chifukwa chake akuuze okha."

Pempho anali asanawauze abambo ake kanthu: za chithunzi, za ulendo wa ku Nathenje, ngakhale za chimtali chimene anavina pamaso pa Mitundu yonse.

Panja panalira belu la njinga, kawiri, monga ankalizira munthu mmodzi yekha. A Isake anali atabwerako ku Nkhoma, ndipo mbiri ya chimtali chija itawapeza m'njira, sanapite kunyumba. Anaimika njinga pakhomo la chipinda cha makompyuta, nalowa osavula nsapato.